Chigubu cha malita 5

Kwa miyezi isanu, kuseri kwa mpando wa dalaivala m'galimoto yanga kunkakhala chigubu chachikasu cha malita 5, chija chimabwera ndi mafuta ophikira. Mayi a kunyumba anachitsuka n'kuchiyanika kuti azitungiramo madzi mipope ikauma, ine n'kuwalanda. M'mawa uliwonse ndisanalize injini ndinkatsegula boneti, kumasula chotsekera cha rediyeta, n'kuthira mpaka madzi afike pakhosi. Ndikatero ndinkapukuta manja pathalauza, n'kumadziona ngati munthu wodziwa kusamala galimoto.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chimenechi. Sindinganame kuti sindinkadziwa. Amene ankanyamula chigubucho ndinali ine.

Galimoto ya bambo

Ndi Toyota Corolla ya 1997, ya injini ya 5A, zija zinkadzaza misewu ya mu Blantyre ma Sienta ndi ma Mira asanachuluke. Inachokera ku Japan, n'kutsikira padoko la Dar es Salaam, n'kulowera pa Songwe ngati zinzake zambiri. Malemu bambo anaigula ndi ndalama zopumira pantchito ya uphunzitsi, ndipo ankaiweta ngati ng'ombe ya mkaka. M'mawa uliwonse boneti m'mwamba: kuona oyilo, kuona madzi, kuzungulira matayala onse anayi akugogoda ndi nsapato. Ife tinkaseka kuti madala akupereka moni kwa mwana wawo womaliza.

Atamwalira, galimoto inagwera ine, ndipo mwambo wam'mawa uja ndinautengera pomwepo. Ndinkati bola ndikutsegula boneti monga ankachitira bambo, ndiye kuti zonse zili m'malo.

Kuyambira pa kapu

Zinayamba mu May 2023. Tsiku lina ndinapeza madzi atatsika pang'ono, ndinathira kapu imodzi. Patatha sabata, kapu ina. M'nyengo yozizira ya June ndi July zinangokhala ngati zaima, ine n'kuiwalako. Pofika August, kapu ija inasanduka botolo la Fanta masiku awiri alionse. Mukumbukira mizere ya mafuta ya chaka chimenecho, kusendera pang'onopang'ono kwa maola atatu injini ikulira, dzuwa lili pamutu. Ndikachoka pamzere wotero, m'mawa mwake rediyeta inkameza lita yathunthu.

Pansi pa galimoto panali pouma gwa. Ndinayalapo katoni usiku wonse, m'mawa osapezapo ngakhale dontho. Ndiye ndinadziuza kuti madzi akungouma ndi kutentha, ngati mphika wa nyemba woiwalika pamoto.

Anzanga a kuntchito analinso ndi mankhwala awo. Wina anati ndithiremo ufa wa curry wothira m'ndiwo uja, wina fodya wapamphuno, wina anati ndipale sopo wa Sunlight. Amene anandigonjetsa ndi uja anati dzira laliwisi. Loweruka lina ndinaswera dzira m'rediyeta ndili cheucheu kuopa kuti aneba andiona. Madzi anapitiriza kutha, ndipo dziralo tinakakumananso nalo patsogolo.

Chitunda cha Thabwa

Kumapeto kwa October tinapita ku Nchalo kukavundukula chiliza cha malume. Amene anakhalako ku Chigwa cha Shire m'mwezi umenewu akudziwa. Mphepo yolowera pawindo imakhala ngati wina wakutsegulira uvuni kumaso. Popita sizinavute, poti njira yonse n'kutsetsereka. Pobwerera tinali anthu asanu: ine, amayi pampando wakutsogolo, azakhali ndi asuweni awiri kumbuyo. M'buti munali thumba la mapira, mtolo wa mizimbe ndi nkhuku ziwiri zomanga miyendo.

Pa Dyeratu ndinaima ngati ndikufuna kugula madzi akumwa. Ndinadikira pang'ono, n'kudzaza rediyeta, chigubu n'kukachidzazanso pamjigo. Amayi ankangondiyang'ana pagalasi osanena kanthu. Tinawoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu cha m'ma 1 koloko masana, kudutsa pa Thabwa, n'kuyamba kukwera.

Kuchokera m'chigwa kufika mu Blantyre msewu umakwera mamita pafupifupi 900, ndipo gawo lalikulu la kukwerako lapanikizana pa makhona aja. Tisanapite patali tinapeza thiraki yodzaza ikukwawa ngati nkhono. Poidutsira panalibe. Ndinakhala pambuyo pake pa giya 2, nthawi zina giya 1, injini ikubuma koma mphepo yolowa kutsogolo kulibe.

Muvi wa geji yoonetsa kutentha kwa injini unachoka pakati pomwe umakhala masiku onse. Unakwera pang'ono, kukweranso, mpaka kugunda m'mphepete mwa pofiira. M'galimoto munayamba kumveka kafungo kachitsulo chotentha. Poima pabwino ndinapaona kawiri konse, koma ndinapadutsa. Ndinkachita manyazi. Kumanda kuja achibale anali atandiyamikira kuti ndikusunga bwino galimoto ya malemu, ndiye ndiime pachitunda boneti m'mwamba maminibasi a anthu omwewo akudutsa?

Kenaka muvi uja unayamba kutsika wokha. Unabwerera pakati, n'kupitirira kutsika. Mtima unakhala m'malo. Ndinachita kulankhula mokweza kuti, "Mwaona Mayi, yazizira yokha."

Sitinayende mtunda wopitirira kilomita. Injini inayamba kulira kuti ketekete, ngati mtedza wouma m'chitini. Ndikaponda mafuta, mphamvu osabwera. Ndinangokwanitsa kuikhotetsera kumbali, iyo n'kuzima yokha. Zii. Kunkangomveka nkhuku m'buti ndi kaphokoso ka chitsulo chikuthetheka pansi pa boneti.

Nditatsegula boneti ndinakulunga chotsekera ndi kansanza kuti ndimasule. Bambo wina amene ankakankha njinga ya makala anakuwa ali patali, "Musatsegule bwana, mupsa nkhope!" Ndinamumvera kwa mphindi khumi zokha. Nditamasula, sipanatuluke chilichonse, kampweya kotentha basi. Rediyeta inali youma. Ndinatenga chigubu changa chija n'kukhuthuliramo chonse. Mkati munalira kuti tswiii, nthunzi n'kubwerera pakhosi pa rediyeta ngati ketulo.

Nditaliza, inadzuka monyinyirika, ikunjenjemera thupi lonse. Madzi anayamba kutumphuka pakhosi paja ngati kasupe, kumbuyo utsi woyera uli tolotolo. Ndinazimitsa.

Amayi anali atatsika kale n'kukhala pamwala, chitenje chili kumutu. Chikwatirire amanditchula kuti "inu", koma tsiku limenelo ulemu unatha.

"Iwe, madzi amene wakhala ukuthira miyezi yonseyi umati akupita kuti?"

Ndinalibe poyankha.

"Bambo ako galimoto iyi sinawagonekepo panjira."

Anakwera minibasi limodzi ndi azakhali. Ine ndi asuweni tinafika mu Blantyre usiku, tikukokedwa pachingwe ndi pikapu ya munthu wachifundo amene chifundo chake chinali ndi mtengo.

Kwa madala ku Ndirande

Mnzanga wina ananditengera kwa makaniko wachikulire ku Ndirande, garaja ya pansi pa mtengo wa mango. Sanafunse zambiri. Anamasula chotsekera cha oyilo n'kundionetsa kunsi kwake. Kunali phala lotuwa, mtundu wa tiyi wothira mkaka wambiri. Anasolola kachitsulo koyezera oyilo, nakonso chimodzimodzi. Kenaka anamasula mapulagi onse anayi n'kuwandandalika pakatoni. Atatu anali ofiirira monga amakhalira, koma lachitatu pamzere linali mbee, ngati latuluka m'sitolo.

"Ili latsukidwa ndi nthunzi," anatero. "Madzi akulowa m'chipinda cha moto. Gasiketi yapita, aphwanga."

Ndinawafotokozera za muvi uja, kuti inali itayamba kuzizira yokha. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Sinazizire. Kachitsulo kamene kamauza geji kamayeza madzi. Madzi akatha kamatsala m'malere, ndiye kayeza chiyani? Muvi ukakwera kenaka n'kugwa wokha muli pachitunda, dziwani kuti mwatsala ndi chitsulo chokhachokha."

Anandiuzanso kuti ndikanayatsa hita muvi utangoyamba kukwera, ikanathandiza kuchotsako kutentha, komanso ikanandiuza zoona. Hita imatenthedwa ndi madzi omwewo a mu injini. Ikamatulutsa mphepo yozizira injini ili moto, ndiye kuti madzi mulibe. Hita ku Chikwawa mu October, ndani angaiganize?

Asanamasule chilichonse anadzaza madzi, n'kumangirira kapampu ka m'manja pakhosi pa rediyeta, n'kupopa. Anandipatsa tochi n'kundiuza kuti ndisuzumire kuseri kwa injini, kumene dzanja silifika bwino. Kunali kapaipi ka labala, kutalika kwake ngati chikhatho changa. Pafupi ndi pomangira panali kamng'alu, ndipo madontho ankatuluka limodzilimodzi n'kugwera pa injini. Pansi pake panali chikhungubwe cha dzimbiri ndi mchere, chizindikiro choti akhala akudontha kwa nthawi yaitali. Injini ikatentha, dontho lililonse linkauma lisanafike pansi. N'chifukwa chake katoni yanga inkadzuka youma.

Ndinafunsa mtengo wa kapaipiko. Sunkafika ngakhale pa nkhuku imodzi yachikuda, ngati zimene zinali m'buti zija.

Mpanda wa pakati pa moto ndi madzi

Hedi, gawo la pamwamba la injini, itatsika ndi pamene ndinaona gasiketi koyamba m'moyo wanga. Dzina lokha ndinkalimva kwa anthu, nthawi zonse likutchulidwa ndi nkhope ya maliro, ndiye ndinkayembekezera chinthu chachikulu. N'kachipepala kolimba, kopyapyala, kokhala ndi mabowo anayi aakulu ndi ena ang'onoang'ono ambiri.

Injini ili pawiri. Pansi pali buloko, mmene mapisitoni amakwera ndi kutsika. Pamwamba pali hedi, mmene muli mavavu ndi mapulagi. Pamene ziwirizi zakumana pamadutsa zinthu zitatu zosayenera kuonana: moto, madzi ndi oyilo. Chilichonse chili ndi njira yake, ndipo mpanda wolekanitsa njirazo ndi gasiketi. Yanga inali itapsa pakati pa bowo lachitatu ndi njira ya madzi, kampata kakuda kosakwana chikhadabo.

Pa injini ya 5A buloko ndi yachitsulo, hedi ndi ya aluminiyamu. Zikatentha, aluminiyamu amafutukuka pafupifupi kawiri kuposa chitsulo. Pa kutentha kwa masiku onse gasiketi imapirira kukokana kumeneku. Koma madzi akatha, hedi imapindika, ndipo kuithira madzi ozizira ili chomwecho, monga ndinachitira ine, kumatha kuing'alula. Madala anagoneka chitsulo chowongoka pa hedi n'kumalowetsa timasamba topyapyala pansi pake. Anati Toyota imalola kupindika kosapitirira mamilimita 0.05, kuonda kwake ngati tsitsi limodzi. Pakati pa hedi yanga panalowa kasamba konenepa katatu kuposa pamenepo.

Mwayi wanga unali woti sinang'aluke. Tinaipititsa ku shopu ya makina kuti akaiyeze ndi kuisikima, kutanthauza kupala pang'ono kunsi kwake kuti kukhalenso thyathyathya.

Zina zimene zinatuluka tsiku limenelo zinali zochititsa manyazi. Rediyeta ataitsegula, theka la timipaipi take tinali titatsekeka ndi dzimbiri, miyala yoyera ngati ya m'ketulo yakale, ndi tizidutswa totuwa timene madala anatinyamula pa sikuludiraiva n'kundiyang'ana. Sindinadikire funso. Ndinavomera kuti linali dzira.

Miyala ija ndi ya madzi amene ndinkathira. Madzi a pampope ndi a pamjigo amakhala ndi mchere, ndipo a m'mijigo yambiri ya ku Chikwawa amachita kumveka pakamwa. Kulanti, madzi obiriwira kapena ofiira aja, ine ndinkamutenga ngati wa kumayiko a chisanu. Zoona amateteza kuti madzi asaundane, koma ntchito yake ina ndi kuletsa dzimbiri, ndipo imeneyo ndi yofunika kuno ngati kwina kulikonse. Lita iliyonse ya m'chigubu inkasungunula kulanti amene bambo anasiyamo mpaka anatheratu. Chenjezo limodzi kwa amene muli ndi ana ndi agalu pakhomo: kulanti amatsekemera koma ndi poizoni, osamusiya m'beseni kapena m'botolo la zakumwa.

Chotsekera cha rediyeta nachonso labala wake anali atauma. Pamwamba pake pamalembedwa 0.9, ndipo nambalayo ili ndi ntchito. Mu Blantyre madzi a mumphika amawira pa madigiri pafupifupi 97. Chotsekera chabwino chimapanikiza madzi kuti asawire mpaka cha m'ma 120. Chikafooka, amawira msanga n'kuthawira kunja.

Ndiye thermostat, kachipangizo kotsegula ndi kutseka njira ya madzi yopita ku rediyeta. Atamasula nyumba yake anapeza mulibe kanthu. Ndinakumbukira kuti makaniko wina anaichotsa chaka cham'mbuyo, amvekere, "Izi n'za ku Japan kozizira bwana, kuno zimangotenthetsa injini." Ndinamuthokoza ndi kumulipira. Madala anapukusa mutu. Thermostat imatseguka madzi akafika madigiri 82, kuti injini ifunde msanga ndi kukhazikika pamenepo. Popanda iyo, m'mawa wa June injini imayenda yozizira, ikumwa mafuta ambiri ndi kudyeka mkati. Choipa china, anati, n'choti anthu amaichotsa pofuna kubisa vuto limene lili kwina. Pamenepo sindinatsutse, poti kubisa ndinali katswiri wake.

Kwacha inagwa hedi ili pansi

Ndinazungulira m'masitolo a zipangizo ku Limbe kulembetsa mitengo, n'kunena kuti ndibwera ndikapeza ndalama. Pa 9 November 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Nditabwerera, kapepala kanga ka mitengo kanali kopanda ntchito. Masitolo ena anali otseka kaye, eni ake akuwerengetsa. Amene anatsegula ankatchula mtengo akuyang'ana kumbali.

Wogulitsa wina anandiikira magasiketi awiri patebulo. "Iyi ndi yolimba, iyi ndi yongoyendera. Musankhe nokha bwana." Kusiyana kwa mtengo kunali kwakukulu moti ndinaimbira madala foni. Anayankha mwachidule kuti ndikagula yongoyendera ndikapezenso makaniko wongoyendera, iwo samasula injini imodzi kawiri.

Panali ena amene ankati ndingogula injini ya kaunjika n'kuikamo yonse. Nthawi zina imeneyo ndi nzeru, makamaka hedi ikang'aluka kapena mapisitoni akakhudzidwa. Koma injini ya kaunjika sudziwa kumene yachokera, mwina nayonso inali ndi mwini wake wa chigubu. Iyi ndinkaidziwa mbiri yake, ndi machimo ake omwe, poti ochimwawo ndinali ine.

Mndandanda unatalika: gasiketi, kusikima, kukonza rediyeta, chotsekera, thermostat, mapaipi onse a madzi, kulanti, oyilo ndi fyuluta kawiri chifukwa woyambayo anali wongotsukira phala lija. Malipiro a mwezi wathunthu anapita, ndi ngongole ya kubanki m'khonde ya mayi a kunyumba pamwamba. Kapaipi kaja kanali pamzere womaliza wa lisiti, kotchipa kuposa zonse.

Tsiku lomanga ndinapempha tchuthi kuti ndikaonerere. Mnyamata wa madala anatenga sipanala n'kuilumikiza ndi paipi yaitali kuti amange mabawuti mwamphamvu. Madala anamulanda osalankhula, n'kutulutsa sipanala yoyezera mphamvu imene amaisunga m'nsalu. Mabawuti a hedi alipo 10. Anayambira apakati n'kumatulukira kunja, uku ndi uku, pang'onopang'ono, kuzungulira maulendo angapo. Anati ukamanga mbali imodzi kaye, hedi imene wangoiwongola umaipindanso ndi manja ako. Atathira kulanti anaisiya ikulira chotsekera chili chotsegula, hita ili moto, mpaka mpweya wonse wotsekeredwa utatuluka ndipo fani itazungulira kawiri. Tonse atatu tinaweramira pakhosi pa rediyeta kudikira thovu. Madzi anangokhala bata.

Kope la m'galimoto

Ndikuyeretsa m'galimoto madzulo ake, ndinapeza kope la sukulu pansi pa mapepala a inshuwalansi akale. Ndinkadziwa kuti lilipo, koma ndinali ndisanalitsegulepo chimwalirire bambo. Anajambula mizere ndi rula, mwauphunzitsi: tsiku, makilomita, mafuta, oyilo, madzi.

Ndinatsata mzere wa madzi ndi chala. Tsamba ndi tsamba munali kamzere kongosonyeza kuti palibe chimene athira. Miyezi, zaka. Pamalo amodzi analemba kuti "theka la kapu". Sabata yotsatira, "theka la kapu" kachiwiri, atazunguliza ndi cholembera chofiira chokonzera mayeso. Patatha masiku awiri: "Wotapampu yasinthidwa." Kuchokera apo timizere tija tinayambiranso.

Ndinakhala pampando wa dalaivala chitseko chili chotsegula mpaka kunja kunada. Zaka zonse zija ndinkaona bambo atatsegula boneti, sindinawaonepo atanyamula chigubu. Ankapita pagalimoto chimanjamanja, cholembera chili m'thumba la malaya. Iwo ankatsegula kuti aone. Ine ndinkatsegula kuti ndithire, muvi ukhale pakati, tsiku lidutse.

Kopelo linali ndi masamba otsala, ndiye ndinapitiriza pomwe analekera. Pa kathanki kapulasitiki ka m'mbali mwa rediyeta ndinaikapo kadontho ka kyuteksi wa mayi a kunyumba, pamene kulanti amalekezera injini ili yozizira. Chigubu ndinawabwezera eni ake. Anachinunkhiza n'kunena kuti chikumveka dzimbiri, pano amathirira nacho tomato kuseri kwa nyumba.

Mwezi wathawu amayi anafuna kupitanso ku Nchalo kukaona azakhali amene akudwala. Ndinakawatenga 5 koloko m'mawa kuti tikabwereko dzuwa lisanakwiye. Atakhala pampando anakonza chitenje chawo, n'kuyang'ana pa geji ngati amaidziwa kuwerenga.

"Madzi mwaona?"

"Ndaona Mayi, ali pamzere."

Anagwedeza mutu. Tili pa Milare ndinaona kuti m'chikwama chawo, pakati pa mabanzi ndi shuga wa odwala, munali botolo la malita 2 lodzaza madzi, lokulungidwa bwinobwino m'pepala lapulasitiki. Sindinafunse kuti ndi akumwa kapena ayi.